Anandiimbira ngati a kampani ya foni, ndalama za gulu zapita. Kodi alowa m'foni mwanga?

Mayi wina wa ku Mponela watilembera motere:

"Ndimagulitsa kaunjika, komanso ndine msungichuma wa banki m'khonde yathu. Lachiwiri lapitali ndili pamsika ndinalandira uthenga woti kwalowa K85,000. Posakhalitsa bambo wina anaimba, waulemu wake, akuti watumiza molakwika ndipo ndalamazo ndi za mankhwala a mwana wake. Ndisanayankhe bwinobwino anati andilumikiza ndi a kampani. Wachiwiriyo ananditchula dzina langa lonse, nati akaunti yanga itsekedwa ndikapanda kutsatira zimene andiuze. Anandiuza manambala oti ndidine, ndinadina, pomaliza ndinaika PIN. Mmene ndimati ndione zotsala, K240,000 ya gulu palibe. Kodi anthuwa alowa m'foni mwanga? Dzina langa analidziwa bwanji? Ndisinthe nambala? Ndalamazi zingabwerere? Anzanga a gulu sindinawauze, ndipo tulo sindikuona."

Pepani kwambiri mayi. Ndiyambe ndi kukuchotsani mantha aakuluwo: malinga ndi mmene mwafotokozera, m'foni mwanu simunalowe munthu. Foniyo ili bwinobwino, musaitaye kapena kuigulitsa. Musadzitenge ngati wopusa ayi. Pa ntchito yanga yolandira madandaulo a anthu oberedwa pafoni ndakhalapo pansi ndi aphunzitsi, abusa, anamwino, ngakhale ma ejenti enieni amene amagwira ndalama za pafoni tsiku lonse, onsewo atapusitsidwa mofanana ndi inu. Anthu amene anakuimbiraniwo ntchito yawo ndi yomweyo kuyambira m'mawa mpaka usiku. Amadziwa kuti mayi amene ali pamsika, kasitomala akumufunsa mtengo wa jekete uku foni ili kukhutu, alibe mpata woganiza kawiri.

Tiyeni tione zimene zinachitika, chifukwa mukazimvetsa simudzagwanso. Uthenga woyamba uja wa K85,000 unali wabodza. Ngati simunaufufute, utseguleni muone pamwamba pake. Ndikukhulupirira kuti mupeza nambala wamba yoyamba ndi 09 kapena 08, ngati ya munthu aliyense. Uthenga weniweni wa Airtel Money kapena wa Mpamba umabwera ndi dzina la kampani pamwamba, ndipo umalowa m'munsi mwa mauthenga ena akale a kampaniyo. Akubawa amangokopera mawu a uthenga weniweni, n'kusintha ndalama ndi tsiku, basi. Palibe tambala imene inalowa kwa inu. Komabe musadalire dzina la pamwambalo lokha, poti pali akathyali ena amene amatha kulinamizira. Chotsimikizira chenicheni n'chimodzi: kudina nokha *211# ngati muli pa Airtel kapena *444# ngati muli pa TNM, n'kuona ndalama zimene zilimo.

Ndiye manambala amene ankakuuzani aja. Anthu ambiri amaganiza kuti ndi makodi achinsinsi a kampani. Ayi ndithu. Ndi njira yomwe ija mumadutsa potumizira ndalama mwana wanu kusukulu, kungoti amakuyendetsani mothamanga kuti musawerenge zimene zalembedwa. Akati dinani 1 kapena 2, mukusankha kutumiza. Akati lembani nambala ya ofesi yathu, mukulemba nambala ya wakubayo. Akati tsopano lembani nambala yachitetezo, 2, 4, 0, 0, 0, 0, amatchula imodziimodzi dala kuti musazindikire kuti mukulemba K240,000. Mwina mukukumbukira kuti asanayambe zonsezi anakuuzani kuti muone kaye zimene zilimo muwawerengere, "kuti titsimikize kuti ndalama za bambowa zafikadi". Apo m'pamene anadziwira kuchuluka koti abe. Potsiriza foni inakufunsani PIN, inu n'kuika. Kwa makina a kampani, ameneyo ndi mwini akaunti amene watumiza ndalama mwa kufuna kwake.

Mfundo yoti muigwiritsitse ndi iyi: polandira ndalama sipafunika PIN. Pobweza ndalama zimene wina watumiza molakwika, kudzera kukampani, inu simuika PIN. Kuti akaunti yanu isatsekedwe simuika PIN. Mukawina mpikisano simuika PIN. Munthu wina akakhala pafoni n'kumakuuzani zodina, ndipo mapeto ake n'kuika PIN, dziwani kuti ndalama zikutuluka. Wogwira ntchito kukampani ya foni kapena kubanki saloledwa kukufunsani PIN, ndipo iye mwini saiona n'komwe pa kompyuta yake.

Nanga ngati munthu watumizadi molakwika? Zimachitika, ndipo kubweza n'koyenera. Koma njira yake ndi yoti wotumizayo aimbire kampani yake, kampaniyo iunike, ibweze yokha. Inu mungomuuza mwaulemu kuti, "Pepani bambo, imbirani a kampani abweze, ine ndalamazo sindizikhudza." Wolakwitsa weniweni amavomera. Wakuba amayamba kulira, kenako kukalipa, kenako kuopseza za apolisi. Ndipo chenjerani ndi mtundu wina woipa kwambiri: nthawi zina ndalama zimalowadi, koma wakuuzani kuti mubweze pa nambala ina yosiyana ndi imene zachokera. Zikatero ndiye kuti ndalamazo zabedwa kwa munthu wina, ndipo akufuna zidutse mwa inu kuti apolisi potsatira adzafike pakhomo panu.

Za dzina lanu musadabwe nazo. Aliyense amene ali ndi nambala yanu angathe kudziwa dzina limene munalembetsa. Angoyamba ngati akukutumizirani K100, makina amamuonetsa dzina la wolandira kuti atsimikize, iye n'kusiyira pomwepo. Njira imene anaikira kuti tisamalakwitse potumiza ndi yomweyo imene mbava zimadziwira mayina athu. Nambalayo payokha amaitola paliponse: pachikwangwani cha bizinesi, m'magulu a WhatsApp a mpingo, pa mndandanda wa opereka chipepeso pamaliro, m'kaundula wa ejenti amene amangokhala chotsegula pathebulo. Ena amangoimba manambala motsatizana mpaka wina ayankhe. Choncho munthu akakutchulani dzina, ngakhale atatchula mudzi wanu ndi dzina la amuna anu, si umboni woti ndi wa kukampani.

Vutoli ndi lalikulu m'dziko muno. Mu 2023 bungwe la MACRA, limene limayang'anira za mafoni ndi mawailesi, linanena kuti Amalawi amaberedwa ndalama pafupifupi K120 miliyoni mwezi uliwonse kudzera m'njira zoterezi. Ine ndimaona kuti chiwerengero chenicheni chimaposa pamenepo, chifukwa ambiri amachita manyazi, sakanena. Apolisi akhalanso akunena kuti ambiri mwa oimbawa ndi akaidi, makamaka a kundende ya Zomba, amene amalowetsa mafoni mozemba ndipo ali ndi anzawo kunja owatapira ndalamazo. Mungafunse kuti, si paja mu 2018 tonse tinalembetsa ma SIM kadi ndi chiphaso cha unzika, ndiye wakubayo osangomugwira bwanji? Chovuta n'chakuti nambala zimene amabera sizikhala m'dzina lawo. Zimakhala zolembetsedwa ndi chiphaso cha agogo ena akumudzi amene sadziwa kanthu, kapena cha munthu amene anataya chiphaso chake.

Tsopano funso limene likukusowetsani tulo. Kodi ndalamazi zingabwerere? Sindikunamizani mayi, mwayi ndi wochepa, chifukwa papita masiku. Akubawa ndalama zikangolowa amazigawa ku manambala ena kapena kukatapa kwa ejenti m'mphindi zochepa. Amene ndawaona akupulumutsa ndalama zawo ndi amene anaimbira kampani nthawi yomweyo, ndalama zisanatuluke, kampani n'kuimitsa akaunti ya wakubayo. Komabe musagwe ulesi. Nthawi zina wakuba amasiyako zina mu akaunti, ndipo nthawi zina nambala imodzi imakhala itadandaulidwa ndi anthu ambiri, apolisi n'kugwira wotapa ndalamayo. Dandaulo lanu likhoza kukhala limene likusowa kuti mlandu ulimbe.

Choncho mawa m'mawa pitani ku shopu yeniyeni ya kampani yanu ya foni, osati kwa ejenti wa pa ambulera. Tengani chiphaso chanu ndi foniyo. Musafufute kalikonse: uthenga wabodza uja, uthenga wotsimikiza kuti ndalama zatuluka umene uli ndi nambala ya transaction, manambala amene anakuimbirani, ndi nthawi yake. Lembaninso zonsezi papepala kuopa foni ingatayike. Pemphani kuti alembe dandaulo lanu ndipo akupatseni nambala ya dandaulolo, komanso akusindikizireni sitetimenti ya akaunti yanu. Mukachoka apo pitani kupolisi mukafotokoze zimene zinachitika, mutenge lipoti. Kubera munthu mwachinyengo ndi mlandu pa malamulo athu, ndipo palinso lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act lokhudza milandu ya pa makina. Apolisi ali ndi nthambi ya Fiscal imene imaona milandu ya ndalama, ndipo a pa siteshoni yanu angathe kutumiza nkhaniyo kumeneko. Mukaona kuti kampani ikungokuzengerezani osakuyankhani, muli ndi ufulu wokadandaula ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira ntchito zotumiza ndalama pafoni, kapena ku MACRA. Kumeneko adzafuna nambala ya dandaulo ija, n'chifukwa chake ndati musachoke osaitenga.

Pali chinthu china chimene ndikufuna muchiyembekezere sabata ino kapena yamawa. Adzaimbanso. Ulendo uno adzati ndi apolisi, kapena a MACRA, kapena bwana wa kukampani, ndipo adzati wakuba uja wagwidwa, ndalama zanu zapezeka, mungotumiza K20,000 ya mafuta a galimoto kapena ya fomu. Ndi anthu omwe aja. Amadziwa kuti munthu woberedwa amakhala ndi mtima wofuna kubweza zake msanga, ndipo ndaonapo anthu ataberedwa kachiwiri ndalama zoposa zoyamba. Wapolisi weniweni adzakuitanirani ku siteshoni, mukamuone ndi maso.

Kusintha nambala sindikukulangizani. Makasitomala anu a kaunjika amakudziwani pa nambala imeneyo, ndipo nambala yatsopano nayo adzaipeza. Chofunika kusintha ndi PIN, lero lomwe, ngakhale kuti simunaitchule pakamwa. Posankha yatsopano pewani chaka chobadwa, 1234, 0000 kapena manambala omaliza a foni yanu. Ndikunena izi chifukwa amayi ambiri amasunga chiphaso cha unzika kuseri kwa foni, mkati mwa kava. Wakuba akatsomphola foni m'basi amapeza zonse pamodzi: foni, dzina, ndi tsiku lobadwa lolembedwa pachiphasopo. Akayesa 1984 n'kutheka, ntchito yatha. Chiphaso chizikhala kwina, foni kwina. PIN ya pafoni isafanane ndi ya kubanki, ndipo kwa ejenti muzidina nokha mutaphimba ndi dzanja. Chizolowezi chopatsira ejenti foni kuti "mundichitire ndinu odziwa" n'chimene chalowetsa ambiri m'mavuto. Ana a m'nyumba nawonso asaidziwe, osati chifukwa ndi akuba, koma wakuba akaimba inu muli kubafa, mwana ndi amene amanyengeka msanga.

Poti mwafunsa za kulowa m'foni, ndikuuzeni njira zimene munthu angalandedi zinthu zanu ali kutali, kuti muzizindikire. Yoyamba ndi ya WhatsApp. Mumalandira uthenga wa manambala 6, kenako mnzanu wa mumpingo, amene akaunti yake yabedwa kale, amakulemberani kuti, "Ndatumiza kodi kwa inu molakwika, nditumizireni," kapena akuti ndi kodi yolowera msonkhano wa mapemphero wa pa intaneti. Mukangopereka, WhatsApp yanu yasamukira m'foni mwa wakuba, ndipo ayamba kupempha ndalama abale anu onse m'dzina lanu. Mankhwala ake alipo ndipo ndi aulere: lowani mu Settings, Account, Two-step verification, muike PIN yanuyanu ya manambala 6. Zikakuchitikirani musanatero, lembetsaninso WhatsApp ndi nambala yanu, kodi yatsopano ikabwera wakubayo amatulutsidwa. Ngati iye anaikamo kale PIN yake, mumadikira masiku 7, ndipo pa masiku amenewo muziimbira abale kuwachenjeza.

Yachiwiri ndi yoopsa kuposa: kubedwa kwa nambala yeniyeniyo. Munthu amapita ndi chiphaso chabodza kapena fotokope ya chanu, n'kunena kuti SIM kadi yake yatayika, apatsidwe ina ya nambala yanu. Yanuyo imafa nthawi yomweyo. Mauthenga onse a kubanki, kuphatikizapo makodi otsimikizira aja, amayamba kupita kwa iye, ndipo ngati nambalayo munailumikiza ku Mo626 ya National Bank kapena ku banki ina iliyonse, akauntiyo ili pangozi. Chizindikiro chake n'chakuti netiweki imangosowa m'foni mwanu kwa nthawi yaitali pamene anzanu a kampani yomweyo ali nayo. Mukazimitsa n'kuyatsanso koma osabwerera, musadikire mawa. Bwerekani foni muimbire kampani ndi banki yanu kuti atseke kaye. Ena amayamba akuimbirani kuti muzimitse foni maola awiri "tikukonza netiweki". Kampani siuza munthu mmodzimmodzi zotero.

Apa m'pamene chiphaso cha unzika chimafunika kuchisamala ngati ndalama. Musatumize chithunzi chake pa WhatsApp kwa munthu amene akuti akulembani ntchito, akuikani pa Mtukula Pakhomo kapena akupezerani feteleza wotsika mtengo. Mapologalamu a boma amadutsa kwa mafumu, makomiti a m'mudzi ndi ku khonsolo, salembetsa anthu pofuna K5,000 ya pafoni. Mukapereka fotokope ku ofesi, lembani pamwamba pake ndi cholembera chifukwa chimene mwaperekera ndi tsiku, kuti isakagwire ntchito ina. Polembetsa SIM kadi kwa ejenti, onetsetsani kuti wajambula chiphaso chanu pa nambala imodzi yokhayo. Akati "sizinatheke, tibwerezenso", funsani bwino, chifukwa ena osakhulupirika amalembetsa nambala yachiwiri m'dzina lanu n'kukaigulitsa kwa akuba. Mukapita ku shopu ya kampani mawa, pemphani akuonereni manambala onse amene ali pa chiphaso chanu, ndipo yachilendo itsekedwe. Dziko lino lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, limene limakakamiza makampani ndi mabungwe kusamala mbiri ya anthu imene amatolera, ndipo MACRA ndi imene inapatsidwa udindo wolandira madandaulo ake.

Za ma linki a "bandulo yaulere ya 50GB" kapena "thandizo la ndalama kwa Amalawi onse" amene amazungulira m'magulu sinditayapo nthawi. Musadine, musatumizire ena, ngakhale atatumiza ndi abusa.

Koma bodza limodzi ndilitchule, chifukwa kwanu ku Dowa, ngati madera ena ambiri, mabanja ochuluka ali ndi wachibale ku Joni. Amaimba kuti, "Ndine thiransipota, ndanyamula katundu wanu kuchokera kwa achimwene anu, ndili pa boda ya Dedza, a MRA akufuna K60,000, tumizani msanga galimoto ikunyamuka." Ena amati mwana wanu wakomoka kusukulu ya boding'i, tili naye kuchipatala. Ena amangotumiza kauthenga kakuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi, yanga ija yavuta", kwa anthu mazanamazana, podziwa kuti mmodzi mwa iwo anapanganadi ndi munthu za ndalama tsiku limenelo. Nkhani zimasiyana koma zonse zili ndi zinthu ziwiri: changu, ndi kukuletsani kudula foni. Ndiye chitani chomwe akukuletsanicho. Dulani, muimbire mwini wakeyo pa nambala imene mumaidziwa kale, kaya ndi achimwene a ku Joni, ahedi a sukulu kapena kampani ya foni. Nkhani yoona siwonongeka chifukwa mwadikira mphindi zisanu.

Tsopano za gulu lanu. Auzeni mayi, ndipo musadikire tsiku logawana masheya. Ndikudziwa kuti mukuopa kuti adzati mwadya ndinu. N'chifukwa chake ndati mutenge lipoti la apolisi ndi sitetimenti ya kukampani. Yambani mwaitana wapampando ndi mlembi, muwaonetse mapepalawo ndi mauthenga a m'foni, kenako mukafotokozere limodzi gulu lonse. Sitetimentiyo imaonetsa nambala imene ndalama zinapita ndi mphindi yake, ndipo aliyense angathe kuona kuti si ya m'bale wanu. Zikadzadziwika zokha pakatha miyezi itatu, ngakhale mutanena zoona palibe adzakukhulupirireni. Chimene ndikukuletsani kwambiri ndi kukatenga katapila kuti mutseke dzenjelo mwakachetechete. K240,000 ya katapila imasanduka K400,000 musanatsegule belo yachiwiri, ndipo mudzataya bizinesi pamodzi ndi gulu lomwe. Ngati malamulo a gulu lanu akuti msungichuma abweze, pemphani kubweza pang'onopang'ono, zilembedwe m'kaundula pamaso pa onse. Zikavuta kumvana, mlangizi amene anakuphunzitsani za banki m'khonde kapena a mfumu angathe kukhala pakati.

Pamsonkhano womwewo mukambirane kasungidwe ka ndalama. Bokosi la banki m'khonde lija limakhala ndi maloko atatu, makiyi ake kwa anthu atatu osiyana, kuti munthu mmodzi asatsegule yekha. Mutasamutsira ndalama m'foni mwanu, loko anatsala mmodzi, kiyi wake ndi manambala anayi, ndipo mumayenda naye pamsika tsiku lililonse. Ndalama za gulu zisamakhale pa nambala imene mumalandirira makasitomala. Funsani kubanki kapena ku SACCO ya kufupi za akaunti ya gulu yofuna anthu awiri kapena atatu kusayina ndalama zisanatuluke. Ngati gulu likufunabe za pafoni, likhale ndi SIM kadi yakeyake imene imakhala m'bokosi, yotulutsidwa pa tsiku la msonkhano pokha, wosunga foni akhale wina, wodziwa PIN akhale wina.

Kusowa tuloko kukapitirira, kapena mukayamba kuganiza zodzichitira choipa chifukwa cha manyazi, musakhale nazo nokha. Uzani munthu amene mumamukhulupirira tsiku lomwelo, ndipo pitani kuchipatala mukaonane ndi adokotala. Mukabwerako kukampani ndi kupolisi, tilembereninso mutiuze zimene akuyankhani, tione ngati pakufunika kukwera nazo ku Reserve Bank.